Musanapereke ndalama ya malo ku Chingodzi, yambani mwamvetsera kumwamba

MALUME anga a ku Zóbuè adandipeza kuno ku Moatize mwezi wathawu atamangirira m'kathumba ndalama za mbatatesi ndi kabichi zomwe akhala akusunga kwa zaka zitatu. Mwana wawo wachisamba wapeza ntchito ku Tete, tsono iwo adafuna kumpezera malo oti amangepo nyumba ku Chingodzi kuti aleke kutaya ndalama pa lendi. Inde, lamulo la dziko lino limati nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, koma tonse tikudziwa m'mene zinthu zimayendera m'mabairo athuwa. Adandipempha kuti ndiwaperekeze poti ine Chipwitikizi ndimachitha.

Tidakwera shapa, kuwoloka mtsinje wa Revúbuè, n'kutsika pamene adatiuza. Malowo adali abwino ndithu, okwera, opanda miyala yambiri, madzi ali pafupi. Tili mkati mokambirana mtengo kudamveka mkokomo cha kutali ngati mvula ikubwera, kenaka ndege idatulukira pamwamba pa mitengo, matayala ali panja, ikutsikira ku bwalo. Tonse tidangoti kukamwa yasa, wina osamva mnzake. Itadutsa, malume adandikoka dzanja nati, "Mphwanga, kodi chimenechi chimadutsa pano tsiku ndi tsiku?" Mwini malo adangoseka, amvekere n'zozolowereka izi bambo, pakatha sabata imodzi munthu sazimvanso.

Ine ntchito yanga ndi ya pa wailesi, ndipo mawu akuti n'zozolowereka ndimawakayika. Pa makina athu ojambulira mawu pali kamuvi kamene kamalowa pofiira phokoso likachuluka. Khutu langa likhoza kuzolowera jenereta ya pa msika, koma kamuviko sikazolowera, ndipo ndikakamvetsera ku studiyo ndimapeza kuti theka la zomwe agogo amandiuza zamira m'phokosomo. Madokotala amene amafufuza za tulo adapeza kuti thupi la munthu lili ngati kamuvi kameneka. Munthu akhoza kunena kuti adagona bwino, koma ndege kapena sitima ikadutsa usiku mtima umathamanga, tulo timapepuka, ndipo zikachitika kwa zaka zambiri zimathandizira kukwera kwa magazi ndi matenda a mtima.

Ndinene chilungamo. Bwalo la ndege la Chingodzi si Johannesburg. Msewu wake wa ndege ndi umodzi, wotalika pafupifupi makilomita 2.5, ndipo ndege zonyamula anthu zimene zimatera pa tsiku mukhoza kuziwerenga ndi zala. Zidachuluka pamene malasha adayamba kukoka alendo, makamaka kampani ya Vale itatsegula mgodi wake wa ku Moatize mu 2011, ndipo pa nthawiyo pa ndege za LAM zochokera ku Maputo padaonjezeka za Airlink zochokera ku Johannesburg. Wina akhoza kufunsa kuti nanga tsamba lonseli tikuliwonongeranji pa ndege zochepa chonchi, pamene kuno tili ndi fumbi ndi mabomba a kumgodi. Yankho langa ndi lakuti nthawi yokambirana za phokoso la ndege ndi ino pamene zili zochepa, nyumba za njerwa zisanadzaze paliponse. Nyumba ikamangidwa siisamuka, ndipo bwalo la ndege nalo silisamuka msanga.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti phokoso la ndege silifalikira mofanana mbali zonse za bwalo. Limatsata mzere wa msewu wa ndegewo, kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Ndege ikamatera imatsika pang'onopang'ono motsetsereka, ndipo pa kilomita iliyonse imatsika mamita 50 okha kapena kupitirira pang'ono. Ndiye kuti ikakhala pa makilomita 5 kuchokera pomwe itagunde pansi, ili pa mamita ngati 260 kumwamba. Ikafika pa kilomita imodzi, ili pa mamita ngati 50 basi. Munthu amene nyumba yake ili m'mbali mwa bwalo, ngakhale akuona mpanda ndi maso, akhoza kumva phokoso lochepa kuposa mnzake amene ali kutali koma pansi pa mzerewo. Ponyamuka ndiye injini zimalira ndi mphamvu zonse. Komanso kuno ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka, sunyamula bwino mapiko. Ndege imathamanga mtunda wautali pansi isanadzuke, n'kukwera mochedwa, ili pafupi ndi madenga a anthu.

Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo. Choncho mbali imene lero kuli zii, mphepo ikatembenuka mawa ndiyo imene idzalire. Malo oterewa munthu sawaona tsiku limodzi n'kupereka ndalama.

Lamulo la malo la mu 1997 lidaikapo malire. Limati mamita 100 kuzungulira bwalo la ndege ndi malo otetezedwa, monganso mamita 50 mbali iliyonse ya njanji, mamita 30 m'mbali mwa misewu ikuluikulu, ndi makilomita 2 m'mphepete mwa malire a dziko, zimene anzathu a ku Zóbuè ayenera kuzidziwa bwino. M'malo otere munthu sangapatsidwe DUAT, chikalata chija chomupatsa ufulu wogwiritsa ntchito nthaka. Lamuloli ndi labwino poteteza mpanda ndi njanji, koma phokoso silidziwa mamita 100. Munthu akhoza kukhala ndi mapepala onse oyenera, sitampa ndi siginecha, nyumba yake n'kukhala pansi penipeni pa njira ya ndege.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi sukulu. Ku Germany, mumzinda wa Munich, adatseka bwalo la ndege lakale mu 1992 n'kutsegula latsopano kwina. Akatswiri adapezerapo mwayi wotsatira ana oposa 300 a mbali zonse ziwiri, asanasamutse bwalolo ndi atasamutsa. Ana a kufupi ndi bwalo lakale adayamba kuwerenga ndi kukumbukira bwino ndege zitachoka, pamene anzawo a kufupi ndi bwalo latsopano adabwerera m'mbuyo. Kafukufuku wina wa mu 2005, pa ana a sukulu zoyandikana ndi mabwalo a London, Amsterdam ndi Madrid, adapeza zofanana: phokoso la ndege likakula, kumvetsa zowerenga kumachedwa. Kumeneko ndege zimadutsa mphindi zochepa zilizonse, kusiyana ndi kuno, koma kumenekonso makalasi ali ndi magalasi ndi zitseko. Kwathu kuno mwana amalankhula Chinyanja kapena Chinyungwe kunyumba, n'kukaphunzira m'Chipwitikizi, m'kalasi ya malata yopanda siling'i, nthawi zina pansi pa mtengo. Mwana woteroyo liwu limodzi la aphunzitsi likamupita, chiganizo chonse chamupita.

Phokoso amaliyeza ndi muyezo wotchedwa desibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amafika pa 60. Pa 85, munthu akakhalapo maola 8 tsiku lililonse, makutu amayamba kuwonongeka, n'chifukwa chake anyamata a kumgodi amawapatsa zotsekera m'makutu. Muyezowu uli ndi chinyengo chake: kuonjezera 10 pa nambala, khutu limamva ngati phokoso lachuluka kawiri. Mu 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza maiko a ku Ulaya kuti phokoso la ndege, likawerengedwa tsiku lonse, lisapitirire 45, ndipo usiku lisapitirire 40. Kumeneko mabwalo ena amalipirira anthu oyandikana nawo mawindo a magalasi awiri ophatikiza kuti phokoso lisalowe. Nzeru imeneyi kuno ndi yoseketsa. Ndani angatseke mawindo ku Tete mu Novembala? Ambirife timayala mphasa pakhonde. Ngakhale mitengo, imene ena amati tidzale, imathandiza mthunzi ndi fumbi koma phokoso lochokera kumwamba siiligwira.

Ife a boma la Moatize sitifunika kupita ku Ulaya kuti tiphunzire za kukhala pafupi ndi chinthu chachikulu chaphokoso. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 adasamutsidwa kuti mgodi ulowe, ambiri mwa iwo kupita ku Cateme, ena ku bairo la 25 de Setembro. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme adatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda imene adapatsidwa, ndipo chaka chomwecho boma lidatulutsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu. Amene sadasamutsidwe adatsala ndi mavuto awo. Mu Okutobala 2018 anthu a ku Bagamoyo adalowa mumgodi n'kuimitsa ntchito chifukwa cha fumbi ndi kuphulika kwa mabomba oswera miyala, kumene adati kukung'amba makoma a nyumba zawo. Mgodiwo udagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan mu 2022, koma nyumba zili pomwe zidali. Onjezani sitima za malasha za mabogi oposa 100 zimene zimayenda makilomita 912 kudzera ku Malawi mpaka ku Nacala. Nkhani zonsezi zimafanana pamodzi: anthu adayamba kumvedwa zinthu zitamangidwa kale, pamene kukonza kudali kodula ndi kowawa.

Inu a ku Zóbuè mwina mukuti ndege kwanu imadutsa ngati kadontho kumwamba. Zoona. Koma amene amagona m'mphepete mwa msewu wa N7 pafupi ndi chipata cha malire akudziwa kulira kwa mathiraki amene amatsika phiri ndi mabuleki a injini, ndi ena amene amagona pa mzere injini ili chiyakire podikira mapepala olowera ku Mwanza. Achikulire akukumbukanso mkokomo wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali pa msewu womwewo nkhondo isanathe mu 1992. Ndipo ana anu ndiwo akutsikira ku Moatize, ku Matundo ndi ku Chingodzi kukafuna ntchito ndi malo. Ku Chingodzi malo ndi ovuta kale, poti Revúbuè adasefukira m'nyumba za anthu mu Malichi 2019, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana adadula mlatho wake. Munthu wothawa madzi amangoyang'ana ngati malo ndi okwera, za kumwamba saziganiza.

Kuti phokoso likhoza kupatutsidwa tidaziona mu 2014, pamene mlatho wa Kassuende udatsegulidwa ku Benga ndipo magalimoto olemera adapeza njira ina yowolokera Zambezi m'malo mwa mlatho wa Samora Machel wa pakati pa mzinda. Za ndege nazonso zili ndi njira zake. Bungwe la maiko onse loona za maulendo a ndege la ICAO lidagwirizana mu 2001 njira zinayi: kugwiritsa ntchito ndege zolira pang'ono, kukonza bwino kagawidwe ka malo ozungulira bwalo, kusintha kanyamukidwe ndi kateredwe, ndipo zikakanika zonsezi, kuletsa ndege zina kapena maola ena. Ku Frankfurt, mwa chitsanzo, kuyambira mu 2011 ndege siziloledwa kunyamuka kapena kutera kuyambira 11 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Njira yoyamba ife tilibe nayo mphamvu, ngakhale n'zoona kuti ndege za masiku ano zimalira pang'ono kuposa za m'ma 1970. Yachitatu ndi yachinayi ndi za a Aeroportos de Moçambique amene amayendetsa bwalo, ndi a IACM amene amayang'anira za ndege m'dziko muno. Yachiwiriyo ndiyo yathu, ndipo ndiyo yotsika mtengo kuposa zonse. Imangofuna kuti a khonsolo ya mzinda, a bwalo la ndege ndi atsogoleri a mabairo akhale pansi ndi mapu, alembe mzere wa ndege, n'kugwirizana kuti pansi pake pakhale nyumba zosungira katundu, magalaja kapena minda, koma sukulu, chipatala ndi nyumba zogona zipite kumbali. Mapu amenewo apachikidwe pa ofesi ya bairo, m'chinenero choti amayi ogulitsa tomato awerenge.

Amene muli kale pansi pa mzerewo, kapena m'mbali mwa njanji ndi mgodi, ndikupemphani chinthu chimodzi chimene ndaphunzira pa ntchito yangayi. Dandaulo la pakamwa lakuti kukusokosa limathera pa khomo la ofesi. Gulani kope la ana asukulu, muzilemba tsiku, ola, ndi chimene chachitika: ndege yadutsa, mwana wadzidzimuka, aphunzitsi aima kulankhula, khoma lang'ambika. Mabanja khumi akalemba kwa mwezi umodzi, sekeletale wa bairo amakhala ndi chonyamula popita kwa akuluakulu. Amene ali ndi foni zamakono akhoza kuikamo kapulogalamu koyezera madesibelo. Sikalondola ngati makina a akatswiri, komabe kamasonyeza kusiyana kwa pakhomo panu ndi pa mnzanu.

Malume sadapereke ndalama tsiku limenelo. Adagona kwa mnzawo wa mumpingo ku Chingodzi komweko masiku awiri, akukhala pa malo aja m'mawa ndi madzulo, wotchi ili pa mkono. Tsiku lachitatu adandiimbira foni ali kale m'shapa ya ku Zóbuè. Adati apeza malo ena cha kumbali, ocheperako ndi odula pang'ono, ndipo adzabweranso akakolola nyemba kuti adzaone ngati madzi a mvula saima pamenepo.