Bambo Magqubu Ntombela, Mphunzitsi wa M'thengo

DURBAN: Anthu ambiri adziwa dzina la Bambo Ian Player, amene kuyambira caka ca 1961 anatsogolera nchito yopulumutsa zipembere zoyera za ku Umfolozi, kumpoto kwa Durban, pozigoneka ndi mankhwala ndi kuzitumiza ku nkhalango zina. Koma ndi angati amene amachula mphunzitsi wao?

Mphunzitsiyo anali Bambo Magqubu Ntombela, Mzulu, mlonda wa nyama, amene anatisiya mu 1993 atakalamba ndithu. Kulemba sanadziwe. Koma phazi la nyama pamcenga anali kuliwerenga monga ife tiwerengera nyuzi: ndi nyama yanji, yadutsa liti, inali kuthawa kapena kungodziyendera. Bambo Player eni ace sanabise kuti nzeru za m'thengo anazitapa kwa mkulu ameneyu.

Mu 1959 awiriwa anayamba kutsogolera alendo pa maulendo a pansi m'nkhalango ya Umfolozi. Maganizo oitana msonkhano waukulu wa zosunga nkhalango anacokeranso kwa Bambo Ntombela, ndipo unacitikadi ku Johannesburg mu 1977. Kumeneko nkhalambayo inaimirira pamaso pa anthu ophunzira a maiko ambiri, nilankhula m'Cizulu, iwo atachera khutu.