Kodi foni ingafunse dzina munthu asanalowe pa hotspot?

Ophunzira uphunzitsi akatumizidwa kukayeserera ntchito m'sukulu, monga za kufupi ndi Mishoni ya Domasi ku Zomba, nthawi zambiri amachita lendi nyumba imodzi anthu anayi kapena asanu. Intaneti ya nyumba yonse imakhala foni ya munthu mmodzi. Iye amagula bandulo ya TNM kapena Airtel, anzake n'kusonkhako kangachepe. Pakatha masiku atatu bandulo ya mwezi wathunthu yatha, ndipo aliyense akuti ankangotsegula WhatsApp basi. Apa m'pamene ena amafunsa ngati n'zotheka kuti foni iziyamba yaonetsa tsamba lofunsa dzina ndi nambala yachinsinsi, monga zimachitikira m'mahotela.

Foni payokha singathe. Hotspot ya Android kapena iPhone ili ndi loko mmodzi yekha, pasiwedi ya zilembo zosachepera 8, ndipo onse amalowera pomwepo. Amene mwamuuza angathe kuuza mnzake, mnzakeyo n'kuuza wa nyumba yoyandikana nayo.

Tsamba la m'mahotela lija akatswiri amalitcha captive portal. Foni iliyonse ikangolumikizidwa pa Wi-Fi, imatumiza mwakachetechete kauthenga ku kompyuta za Google kapena Apple pofuna kudziwa ngati intaneti ilipo. Rauta ya hotela imagwira kauthengako panjira n'kubweza tsamba lake lolembapo dzina. Ndiye kuti pamafunika mlonda wokhala pakati, wokhala ndi mphamvu yoimitsa ndi kukhotetsa mauthenga a ena. Opanga mafoni sapereka mphamvu imeneyi kwa mapulogalamu wamba. Ena amathyola chitetezo cha Android kuti aipeze, zomwe amati root, koma ine sindingalangize mnzanga kutero pa foni yomwe amasungiramo ndalama. Pulogalamu yolonjeza zodabwitsa imene yapatsidwa mphamvu zonse ingathenso kuwerenga mauthenga anu onse.

Njira yeniyeni ndi rauta. Marauta a kampani ya MikroTik ya ku Latvia amatha kuonetsa tsamba lotere, kupatsa aliyense dzina lakelake, n'kumudula akamaliza gawo lake. Marauta ena amalandira intaneti kuchokera pafoni kudzera pa chingwe cha USB. Kwa mpingo kapena laibulale ya sukulu, kumene anthu ambiri amalowa ndi kutuluka, ndalama yake ndi yomveka. Kwa anthu asanu okhala nyumba imodzi teremu imodzi, n'kuwononga, ndipo magetsi akazima rautayo imazimanso. Amene akuganiza zogulitsa intaneti kwa anthu ayambe wafunsa ku MACRA, chifukwa ntchito zamtunduwu zimayendera ziphaso.

Komabe zimene anthu amafuna pa tsamba lija, kudziwa amene walowa ndi zimene wadya, foni imathako pang'ono. Mafoni ambiri a Android amaonetsa zipangizo zimene zalumikizidwa, ndipo ena amalola kuika malire a chiwerengero chake kapena a data. Mungathenso kutsekera chipangizo chachilendo, ngakhale izi sizodalirika kwenikweni: kuyambira pa Android 10 mu 2019 ndi iOS 14 mu 2020, mafoni amabisa nambala yawo yeniyeni yodziwikira pa Wi-Fi, choncho wotsekeredwa angabwerenso ngati mlendo. Kusintha pasiwedi sabata iliyonse kumagwira ntchito kuposa zonsezi, makamaka mukamailemba nokha pafoni ya mnzanu m'malo moitchula pagulu.

Kawirikawiri wakuba bandulo sakhala munthu ayi, koma laputopu. Windows ikaona Wi-Fi imayesa kuti intaneti ndi yaulere, n'kuyamba kudzikonza yokha mwini wake akulemba lesson plan. Mukaiuza kuti imeneyi ndi metered connection, imadziletsa. Mafoni nawonso amatumiza zithunzi ndi kukopera mavidiyo a m'magulu akakhala pa Wi-Fi, ndiye aliyense azimitse zimenezi asanaloze mnzake chala.

Pali chifukwa china chosamalira pasiwedi. Kuyambira mu 2018 SIM kadi iliyonse m'Malawi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kunyoza, kuopseza ndi kubera anthu pa intaneti. Chilichonse chodutsa pa hotspot yanu chimatulukira pa nambala yanu. Mlendo akachita zoipa, kukampani ya foni kumaoneka dzina la mwini SIM kadi, ndipo woyamba kufunsidwa mungakhale inuyo.