Magazi Amaulula Zimene Mtima Wabisa

Kuno ku Uraha, wachikulire akamwalira mwadzidzidzi, mawu omveka pamaliro amakhala akuti, "Dzulo lomweli anali kumunda." Amanena zoona. Koma nthenda ya mitsempha ya mtima siyamba tsiku limene munthu wagwa. Mafuta amaunjikana pang'onopang'ono m'mitsempha yopititsa magazi ku mtima, kwa zaka zambiri, popanda kupweteka, mpaka njira itatsekeka.

Pamene thupi lili chete, magazi amakhala atayamba kale kuulula. Shuga wochuluka amawononga khungu la m'kati mwa mitsempha. Mafuta otchedwa cholesterol, makamaka amtundu wa LDL, ndiwo amamatirira pamalo owonongekawo. Magazi amaonetsanso ngati impso zayamba kufooka, ndipo impso zofooka zimaika mtima pachiopsezo. N'chifukwa chake ku Guangzhou, m'dziko la China, madokotala anatenga magazi a anthu pafupifupi 30,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo kuyambira mu 2003, n'kumawatsatira kuti aone zizindikiro zimene zimatsogolera matenda.

Sitifunika kupita ku China kuti timve za ife eni. Pa Chilumba pomwepa pali bungwe la kafukufuku la MEIRU, lomwe achikulire amalikumbukira ndi dzina la Karonga Prevention Study. Pakati pa 2013 ndi 2016 linayeza anthu oposa 28,000, ena a m'midzi ya kuno, ena a ku Area 25 ku Lilongwe. Kumudzi, abambo 13 ndi amayi 14 pa 100 alionse anapezeka ndi BP yokwera. Kuphatikiza madera onse awiri, mwa amene anali ndi BP, 58 pa 100 sankadziwa, ndipo mwa odwala shuga, 41 pa 100 sankadziwa. Ife odzipereka pa zaumoyo mumpingo timamvabe anthu akuti awa ndi matenda a mabwana a m'tauni. Manambalawa akukana.

Ena amati, "Ine sindisuta, sindimwa mowa, nkhumba sindidya, ndikayezetserenji?" Kuleka fodya ndi mowa kumateteza mtima ndithu, koma sikufafaniza msinkhu kapena matenda a kumtundu. Komanso tisabisane, pa chakudya cha pamodzi tikaweruka pa Sabata, mafuta ophikira amayandama pamwamba pa ndiwo ndipo mchere umapitirira. Bungwe la WHO limati mchere usafike magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi uja wolowa kale mu nsomba zouma. Mtedza ndiye tisautaye. Kafukufuku wa ku Loma Linda wa 1992, pa Aadiventi oposa 31,000 a ku California, anapeza kuti odya mtedza wamitundumitundu kasanu kapena kuposa pamlungu anali ndi pafupifupi theka la chiopsezo chofa ndi nthenda ya mtima poyerekeza ndi oudya patalipatali. Wathu wokazinga, bola wopanda mchere, kapena nsinjiro mu masamba, ndi chiyambi chabwino.

Tikupempha ana kuti aperekeze makolo ndi agogo kuchipatala akadali amphamvu. BP yofika 140/90 kapena kuposa, ikabwerezedwa masiku osiyana, ndi yokwera. Shuga amayezedwa bwino m'mawa munthu asanadye kanthu, ndipo akafika 7 kapena kuposa pa muyeso wa mmol, adokotala amafuna kuonanso. Za cholesterol ndi impso funsani achipatala komwe mungayezetse, poti si malo onse ali ndi makina ake. Zotsatira zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala, ndipo amene wapatsidwa mankhwala asawasiye chifukwa choti akumva bwino.

Chifuwa chikamathina ngati mwasenzetsedwa thumba la mpunga, ululu n'kumafika kudzanja lamanzere kapena kunsagwada, thukuta likutuluka, musadikire kuti kuche. Pezani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo.