Filimu yoyenera mwana: nambala ya pachikuto imagwera panjira



Ambiri a ife a kunyanja timalidziwa boma la Mwanza ngati njira chabe. Ndi pamene ana athu a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota amadinditsa ziphaso popita ku Joni asanawolokere ku Zobue m'dziko la Mozambique, ndipo ndi pomwenso amalowera pobwerera kumudzi atasenza katundu. M'katundu ameneyo simulephera kupezeka wailesi ya kanema, dikoda, foni yamakono kapena fulashi yodzaza mafilimu. Makolo a m'dera la Mfumu Nthache, m'boma la m'malireli, akukumana ndi vuto limene lafikanso m'makomo mwathu: filimu ikufika m'manja mwa mwana ilibe chikuto, ilibe dzina lake lenileni, ilibenso chizindikiro chonena msinkhu wa munthu woyenera kuionera.

Tisafulumire kuwanena makolo kuti ndi olekerera. Dziko la Malawi linakhala lopanda wailesi ya kanema yakeyake nthawi yonse ya ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, ndipo Television Malawi inayamba kuonetsa mu 1999. Izi zikutanthauza kuti agogo athu anatisiyira malangizo a zaka zimene mwana angayambe kukwera bwato, kupita yekha kudambo kapena kukhala nawo pamaliro, koma a kanema sanatisiyire chifukwa iwo sanamuone. Lamulo loyang'anira zoonetsa la Censorship and Control of Entertainments Act linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo linapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu younika mafilimu asanaonetsedwe kugulu. Koma olemba lamulolo ankaganizira nyumba zochepa za kanema za m'mizinda ngati Blantyre. Sanalote kuti tsiku lina mafilimu ochuluka adzakwana pa kakhadi kochepa ngati chikhadabo, kamene mwana angakabise m'thumba la kabudula wa kusukulu.

Tsono tiyambe ndi kudziwa zizindikiro, pakuti pamene zilipo zimathandiza. Mayiko opanga mafilimu ali ndi mabungwe amene amaionera filimu isanatuluke n'kuiika pa msinkhu wake. Ku Britain bungwe lotere, lotchedwa BBFC, linayamba mu 1912, ndipo mwa zizindikiro zake muli U, kutanthauza ya aliyense, PG, kutanthauza kuti kholo liunike kaye, kenako 12, 15 ndi 18. Ku America ndondomekoyi inayamba mu 1968. Kumeneko G ndi ya aliyense, PG imafuna chitsogozo cha kholo, PG-13 imachenjeza kwambiri za ana osakwana zaka 13, R imafuna kuti wosakwana zaka 17 aperekezedwe ndi wamkulu, ndipo NC-17 ndi ya akuluakulu okha.

Mbiri ya PG-13 ili ndi phunziro lake. Chizindikirochi kunalibe mpaka mu 1984, pamene makolo a ku America anadandaula ndi filimu ya Indiana Jones and the Temple of Doom, imene inali ya PG koma muli malo pamene munthu akuzulidwa mtima ali moyo. Ndi madandaulo otere amene anabala msinkhu watsopano pakati pa PG ndi R. Choncho filimu yakale, yotuluka chaka cha 1984 chisanafike, ikhoza kukhala ndi PG pachikuto pomwe mkati mwake muli zolemera kuposa za PG ya masiku ano.

Zizindikiro zimene ife timakumana nazo kawirikawiri ndi za ku South Africa, pakuti zimbale zochokera ku Joni ndi makanema a padishi amadzera kumeneko. Bungwe lawo la Film and Publication Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996, limagwiritsa ntchito A, PG, 7-9PG, 10-12PG, 13, 16 ndi 18, ndipo pambali pa nambala limaika zilembo zonena chimene chili mkati. V ndi chiwawa, L ndi kutukwana, S ndi zogonana, N ndi umaliseche, D ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, H ndi zoopsa, P ndi tsankho. Kholo lanzeru liyang'anitsitse chilembo koposa nambala. Filimu ya 13 yokhala ndi V chifukwa cha nkhondo ya m'mbiri si chimodzimodzi ndi ya 13 yokhala ndi S, ngakhale nambala yake ndi imodzi.

Vuto ndi lakuti zonsezi zimagwera panjira. Wobena mafilimu pamsika amakopera filimu yokha, chikuto chimatsala. Nthawi zambiri amadulanso koyambirira, kumene chizindikiro chimaonekera, ndipo dzina amalemba lake. Ikadzera kwa anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa imasinthanso kachiwiri. Anyamatawa ali ndi luso, tisawamane ulemu wawo, ndipo athandiza anthu ambiri osamva Chingerezi kapena Chitchaina kutsata nkhani. Koma womasulira amathiramo nthabwala zake, zina za pabawo ndi za pamowa, zimene mu filimu yeniyeni munalibe. Kale chilankhulo chachilendo chinali ngati mpanda wotchinga makutu a mwana. Lero mpandawo wagwa, ndipo mwana wa zaka 6 akumva liwu lililonse.

Ngakhale chizindikiro chitafika chathunthu, tikumbukire kuti anachiika ndi anthu a dziko lina poganizira ana awo. Iwo amayeza kuchuluka kwa magazi, mawu otukwana ndi umaliseche. Sayeza mwano wa mwana kwa bambo ake, umene m'mafilimu ambiri oseketsa a ku America ndiwo ndiwo zake za nkhani. Kupsompsonana, mavalidwe ndi botolo la mowa patebulo kwa iwo ndi zazing'ono. Ndipo pali china chimene sangachiyeze n'komwe, chomwe kwathu kuno ndi chachikulu: ufiti.

Mafilimu a ku Nigeria anatchuka kuchokera pa Living in Bondage ya mu 1992, nkhani ya mwamuna wopereka mkazi wake nsembe kuti alemere, ndipo kuyambira pamenepo nkhani za kukhwima ndi za mfiti sizinachokemo. Munthu wamkulu amadziwa kuti nkhalamba youluka ija ndi wosewera wopakidwa utoto, ndipo moto wotuluka m'maso ndi ntchito ya kompyuta. Mwana sadziwa. Iye amaona anthu akuda ngati ife, nyumba ngati zathu, gogo ngati wake, ndipo amatenga zimene waonazo ngati umboni. Mu January 2016, m'boma la Neno, limene kale linali mbali ya Mwanza, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Sitikunena kuti filimu ndiyo inawapha. Tikunena kuti m'dziko limene nkhalamba ingafe chifukwa cha mphekesera, kudyetsa mwana chithunzi cha gogo mfiti usiku ndi usiku si masewera, ndipo palibe nambala ya pachikuto imene ingatichenjeze za ichi.

Tsono muyeso weniweni ndi mwana mwini wake. Chipembedzo chathu chomwe chimasiyanitsa mwana wa zaka 7 ndi wa zaka 10 pa nkhani ya swala ndi ya pogona, kusonyeza kuti ubwana si chinthu chimodzi koma makwerero. Pa ana aang'ono kwambiri, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asakhazikidwe pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Mayi wotonthoza khanda ndi foni pamene akusasantha usipa pathandala amapeza mpata wogwira ntchito, n'zoona, koma khandalo limaphunzira kulankhula kuchokera pakamwa pa munthu amene akuliyankha, osati pagalasi.

Mwana wosakwana zaka 7 sasiyanitsa bwino zenizeni ndi zopeka, ndipo chimamuopsa ndi maonekedwe. Katswiri wina wa ku yunivesite ya Wisconsin, Joanne Cantor, amene anafufuza za mantha a ana kwa zaka zambiri, anapeza kuti ang'onoang'ono amaopa chinthu chooneka moipa ngakhale chikhale chokoma mtima m'nkhanimo, pomwe okulirapo amaopa zimene zingachitikedi, monga moto, kubedwa kapena imfa ya kholo. Ndi chifukwa chake katuni yotchuka ya The Lion King ya mu 1994, imene ku America anaipatsa G, ingamulize mwana wamasiye kuposa filimu ya zibakera, pakuti muli mwana wa mkango akudzutsa bambo wake wakufa. Ndi kholo kapena womulera yekha amene angadziwe kuti mwanayu anaika bambo ake chaka chatha.

Za kutsanzira sitifunika kuuzidwa, pakuti timaona anyamata akuponyana zidendene pabwalo la madrasa. Komabe mu 1963 Albert Bandura wa ku yunivesite ya Stanford anaonetsa ana filimu ya munthu akumenya chidole, ndipo atawasiya ndi chidolecho anachimenya monga anaonera. Pofika zaka 13 kupita m'tsogolo vuto limachoka pa zibakera n'kupita pa maganizo: chikondi ndi chiyani, mwamuna weniweni ndi wotani, chuma chimabwera bwanji. Mtsikana wa fomu 1 amene sabata iliyonse akuona wophunzira akulandira galimoto kuchokera kwa bwana wokwatira akuphunzira phunziro limene mwalimu sangalifafanize ndi ola limodzi lamadzulo.

Wina anganene kuti tingoonetsa ana mafilimu a mbiri ya Chisilamu basi. Ndi maganizo abwino, koma nawonso amafuna kuunika. The Message ya mu 1976, yopangidwa ndi Moustapha Akkad, inalemekeza Mtumiki, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, posaonetsa nkhope kapena kumveketsa mawu ake. Koma ndi yaitali pafupifupi maola atatu, ndipo muli kuzunzidwa kwa Bilal ndi nkhondo za Badr ndi Uhud. Mwana wa zaka 11 atakhala pambali pa bambo ake angapindule nayo kwambiri. Wa zaka 5 adzangotola malupanga. Lion of the Desert, ya Akkad yemweyo, imatha ndi kupachikidwa kwa Omar Mukhtar wa ku Libya, kumene kunachitika mu 1931. Ndipo Bilal: A New Breed of Hero ya mu 2015, yopangidwa ku Dubai, ndi katuni ndithu, koma ku America anaipatsa PG-13 chifukwa cha chiwawa. Katuni si chiphaso cha ubwana. Za ang'onoang'ono zenizeni ndi monga Omar & Hana ya ku Malaysia, kapena Akili and Me ndi Ubongo Kids za ku Tanzania zophunzitsa kuwerenga ndi masamu.

Chimodzimodzinso mafilimu a kwathu. The Last Fishing Boat ya Charles Shemu Joyah, ya mu 2012, ndi nkhani ya msodzi wa pa nyanja yathu yomweyi, ndipo mwana adzakopeka poona bwato ndi gombe zimene akuzidziwa. Koma nkhani yake ndi ya akuluakulu: mitala, alendo oona malo ndi kugulitsa thupi. Ndi yoti bambo ndi mayi aonere okha n'kukambirana. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, ndi yoti banja lonse likhalire pamphasa imodzi, ndipo mbali yaikulu ndi ya m'Chichewa. Ngakhale apo, muli njala ya 2001 ndi 2002, mfumu ikumenyedwa pamsonkhano ndi galu wa mnyamatayo akufa, kotero wamng'ono adzafuna wina womufotokozera.

Njira yake ndi yotopetsa koma ina palibe: wamkulu aione kaye filimu mwana asanaione. Amene alibe maola awiri athamangitse ndi rimoti, aime malo asanu kapena asanu ndi limodzi, makamaka pakati ndi kumapeto, pakuti koyambirira kumanamiza. Ikafika nthawi yoonera, kanema akhale pabalaza, osati kuchipinda, ndipo wamkulu akhalepo. Pakabwera malo okayikitsa, kuimitsa n'kufunsa mwana kuti waona chiyani kumaposa kuzimitsa mwaukali, chifukwa chimene chazimitsidwa mwaukali mwana amakachimalizira kwa mnzake. Ndipo filimu ya banja lonse iyezedwe ndi wamng'ono amene ali pamphasapo, osati wamkulu amene wagwira rimoti.

Chovuta kwambiri ndi nyumba zoonetsera mavidiyo za m'misika, kaya kumsewu wa ku Mwanza kaya kumadoko a kunyanja. Khomo ndi limodzi, mtengo ndi umodzi, ndipo mwana amene wagulitsa manachesi kapena wathandiza kukoka khoka ali ndi ndalama yolowera. Kholo limodzi silingathe kulimbana nazo. Mfumu, komiti ya sukulu ndi akuluakulu a pamzikiti ndi a mipingo ina atakhala pansi ndi eni malowa angagwirizane zinthu zotheka: ana asalowe nthawi ya sukulu ndi ya madrasa, zoonetsa masana zikhale za aliyense, ndipo dzina la filimu lilembedwe pakhomo pamodzi ndi msinkhu wake. Malamulo a dziko lino, chisinthidwireni mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, choncho mwini vidiyo sanganene kuti mnyamata wa sitandade 8 ndi wamkulu.

Kwa amene muli ndi ana ku Joni, pamene akukufunsani chimene akutumizireni, auzeni kuti mafilimu a adzukulu awaike pa khadi yakeyake, osasakaniza ndi awo. Ndipo dikoda ikafika, musaiwale kuti ili ndi malo otsekera mapulogalamu potengera msinkhu pogwiritsa ntchito nambala yachinsinsi. Nambala imene imabwera nayo kuchokera kusitolo isintheni tsiku lomwelo, pakuti ana a m'mudzi anaidziwa kale.