Nkhani za mafoni ku Cobue: zimene anthu amanena pagombe ndi zoona zake

COBUE, boma la Lago – Mukakhala pagombe m'mawa, nthawi imene asodzi akubwera ndi usipa, nkhani sizikhala za nsomba zokha. Wina akudandaula kuti mega zake zatha usiku iye ali mtulo, wina akuti batire ya foni yake yafufuma, winanso akuumirira kuti netiweki ya ku Likoma ndiyo yabwino kuposa yathu. Aliyense ali ndi kampani yake imene amaikhulupirira ndi ina imene amaitukwana.

Nkhanizi si zocheza chabe. Masiku ano foni ndiyo imasunga ndalama za nsomba, ndiyo imaitana wogula wa ku Metangula kapena ku Lichinga, ndiyonso imabweretsa uthenga wa m'bale amene wagonekedwa ku chipatala cha ku Likoma. Tatenga mfundo zisanu zimene zimamvekamveka kuno kuti tione pamene pali zoona ndi pamene pali mphekesera.

"Netiweki ya ku Malawi imagwira bwino kuposa yathu"

Malo ena a m'mphepete mwa nyanja zimenezi zimachitikadi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Mafunde a foni amayenda bwino pamene palibe chowatchinga. Pakati pa Cobue ndi chilumba cha Likoma pali madzi okhaokha, choncho nsanja za TNM ndi Airtel, makampani a ku Malawi, zimatha kufika mpaka kugombe lathu. Koma kumbuyo kwathu kuli mapiri, ndipo mudzi umene uli kuseri kwa phiri ukhoza kusowa netiweki ngakhale nsanja ili pafupi.

Ku Mozambique kuli makampani atatu. Tmcel, ya manambala oyamba ndi 82 ndi 83, idabadwa ataphatikiza mcel ndi TDM. Vodacom, ya 84 ndi 85, idayamba ntchito mu 2003. Movitel, ya 86 ndi 87, idayamba mu 2012, ndipo gawo lalikulu la kampaniyi ndi la Viettel ya ku Vietnam. Movitel idafika mochedwa, choncho idathamangira kumidzi kumene anzake anali asanafike. Apa ndi pamene padachokera mawu akuti Movitel ndi ya kumudzi. Koma kufunsa kuti kampani yabwino ndi iti m'dziko lonse sikuthandiza. Funsani anzanu a m'mudzi mwanu kuti ikugwira pakhomo pawo ndi iti.

Pali msampha umodzi. Ngati SIM yanu ya ku Mozambique ili yotsegulidwa kuti izigwira kunja kwa dziko, zimene amati roaming, foni ikhoza kulumphira yokha pa netiweki ya ku Malawi inu muli pakhomo panu. Zikatero mumalipira ngati munthu amene ali pa ulendo kunja. Yang'anani dzina la netiweki pamwamba pa foni musanaimbe, ndipo m'makonzedwe a foni sankhani netiweki nokha, osaisiya kuti izisankha yokha. Kumbukiraninso kuti nambala ya ku Malawi imayamba ndi +265, yathu ndi +258. Kuimbira m'bale wa ku Likoma ndi SIM yathu ndi kuimba kunja kwa dziko, ngakhale chilumbacho mukuchiona ndi maso. N'chifukwa chake ambiri kuno amayenda ndi ma SIM awiri.

"Foni za ku China sizikhalitsa"

Mawu amenewa amasakaniza zinthu ziwiri. Tecno, itel ndi Infinix, zimene zadzaza m'misika yathu, zonse ndi za kampani imodzi yotchedwa Transsion, ya mumzinda wa Shenzhen ku China. Kampaniyi idakula chifukwa idapanga foni zoganizira munthu wa mu Africa: malo a ma SIM awiri, batire yokhalitsa, ndi mtengo umene wogulitsa usipa angaufikire. Ndiponso ma iPhone ambiri, amene anthu amawatama, amalumikizidwa ku China komweko. Vuto si dziko. Vuto ndi foni zachinyengo, zolembedwa dzina la kampani yodziwika koma m'kati muli zina.

Musanapereke ndalama, imbani *#06#. Padzatuluka nambala yaitali yotchedwa IMEI. Nambala imeneyi ifanane ndi imene yalembedwa pa bokosi. Ngati sizikufanana, kapena wogulitsa akukana kuti muyese, bwezani foniyo. Funsaninso lisiti, chifukwa popanda pepala simungakadandaule kulikonse.

Nanga yabwino ndi iti, ya mabatani kapena yotsetsereka ndi chala? Kwa msodzi amene amagona panyanja, foni ya mabatani, imene ambiri amaitcha bombinha, ili ndi nzeru zake. Imatha masiku osatchaja, imatumiza ndi kulandira ndalama bwinobwino, ndipo ikagwera m'madzi mtima supweteka kwambiri. Foni yaikulu isiyeni kunyumba. Amene akufuna WhatsApp asamale ndi foni zakale zogula kwa munthu: kuyambira mu Okutobala 2023, WhatsApp sagwiranso pa Android yakale kuposa 5.0.

"Kampani ikutibera mega"

Ili ndilo dandaulo lalikulu. Nthawi zambiri wakuba amakhala m'foni momwemo. WhatsApp amakoka yekha zithunzi za m'magulu, ngakhale zimene simunazitsegule. Pa Facebook ndi TikTok mavidiyo amayamba okha. Play Store nayo imakonzanso mapulogalamu mwakachetechete. Vidiyo imodzi ya mphindi zochepa imadya mega zambiri kuposa mauthenga olemba a mlungu wonse. Chinanso, phukusi lililonse lili ndi nthawi yake: la tsiku limodzi likafika ola lake limatha, kaya mwaligwiritsa ntchito kaya ayi.

Mankhwala ake ndi awa: zimitsani data mukamagona, letsani WhatsApp kukoka zinthu yekha, ndipo gwiritsani ntchito Facebook Lite m'malo mwa Facebook yaikulu. Mu foni iliyonse ya Android muli malo oonetsa pulogalamu imene yadya mega zambiri. Pitani mukaone, mudzamudziwa wakubayo.

Izi sizikutanthauza kuti anthu amadandaula pachabe. Mu Meyi 2024, bungwe loyang'anira za mauthenga m'dziko muno, INCM, lidabweretsa mitengo yatsopano imene idathetsa maphukusi opanda malire. Achinyamata adachita zionetsero ku Maputo, ndipo patangopita milungu yochepa mitengoyo idaimitsidwa. Apa tikuphunzirapo ziwiri: mtengo wa intaneti suikidwa ndi makampani okha, ndipo mawu a ogula akachuluka amamveka.

"Sola imapha batire"

Dzuwa lenilenilo silipha batire. Chimene chimapha ndi kulumikiza foni molunjika ku panelo kapena ku batire ya galimoto popanda kachipangizo kowongolera mphamvu, kamene m'masitolo amati regulador. Mphamvu ya panelo imakwera ndi kutsika malinga ndi mitambo, ndipo foni imafuna mphamvu yokhazikika. Matchaja otchipa kwambiri nawonso amaononga.

Mdani wina ndi kutentha. Ambiri amasiya foni pambali pa panelo, padzuwa, kuyambira m'mawa mpaka masana. Panelo ikhale padzuwa, foni ikhale pamthunzi. Batire ikafufuma, musaiboole, musaiike pamoto, ndipo musagone nayo pamphasa: ikhoza kuyaka. Foni ikanyowa mu bwato, izimitseni pomwepo, chotsani batire ngati imachoka, ndipo musaitchaje mpaka itauma.

"Foni ikamira, ndalama zamira"

Apa ndiye pamene anthu ambiri amataya mtima pachabe, ndipo ena amataya ndalama zenizeni. Ndalama za M-Pesa ya Vodacom, e-Mola ya Movitel kapena mKesh ya Tmcel sizikhala m'foni. Zimakhala mu akaunti ya nambala yanu. Foni ikamira pa nthawi ya mwera, mumapita ku kampani kukatenga SIM ina ya nambala yomweyo, imene timati segunda via, ndipo ndalama zanu mumazipeza zili momwemo.

Koma pali chinthu chimodzi: SIM ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu. Kuno si zachilendo kupeza munthu akugwiritsa ntchito nambala imene idalembetsedwa ndi BI ya mlamu wake, ya mnzake, kapena ya mnyamata amene adamugulitsa SIM pamsika. Tsiku la tsoka, kampani imafuna mwini dzina, ndipo mwini dzinayo mwina adasamukira ku Nampula kapena adamwalira. Ngati nambala yanu ili choncho, konzani zimenezi mukapita ku Metangula kapena ku Lichinga, musanakumane ndi vuto.

M-Pesa idafika m'dziko muno mu 2013, ndipo kuyambira mu 2022 n'zotheka kutumiza ndalama kuchokera ku kampani ina kupita ku inzake. Pamene ndalama zayamba kuyenda chonchi, akuba nawonso atsatira. Ambiri mwalandirapo uthenga wa Chipwitikizi wokuuzani kuti mutumize ndalama ku nambala ina. Otumizawo sakudziwani. Amaponya uthengawo kwa anthu ambirimbiri, podziwa kuti wina mwa iwo akuyembekezeradi kulipira munthu tsiku lomwelo. Ena amaimba n'kunena kuti alakwitsa kukutumizirani ndalama, muwabwezere. Musabweze kanthu musanaone nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu. PIN yanu ndi yanu nokha: palibe wantchito wa kampani amene ali ndi chifukwa choifunsira, ndipo ngakhale pa ajenti muziilemba ndi dzanja lanu.

Chenjezo lomweli likhudzenso GB WhatsApp ndi anzake, amene achinyamata amapatsana chifukwa ali ndi mitundu yokongola ndi zina zowonjezera. Mapulogalamu amenewa si a Meta, kampani imene ndi mwini wa WhatsApp ndi Facebook. Palibe amene amakutsimikizirani kuti mauthenga anu ndi otetezeka, ndipo nambala yanu ikhoza kutsekedwa. Kwa munthu amene makasitomala ake onse ali pa WhatsApp, kutsekedwa kumeneko ndi kutseka malonda.

Musanagule

Pomaliza, pokagula foni ku Metangula, ku Lichinga kapena kutsidya, dzifunseni mafunso anayi. Kodi netiweki imene ikugwira kwathu ndi iti? Ndidzaitchaja kuti, ndipo kangati pa mlungu? Ikaonongeka, alipo woikonza pafupi, ndipo batire ndi galasi lake zimapezeka? SIM imene ndiikemo ili m'dzina la ndani? Dzina la kampani lolembedwa kumbuyo kwa foni libwere pambuyo pa mafunso amenewa.

Omvera athu a ku Cobue, ku Ngoo, ku Messumba ndi madera onse a m'mphepete mwa nyanja, tiuzeni zimene mukukumana nazo pa nkhani ya mafoni kudzera mwa atolankhani athu a m'boma la Lago, kuti mafunso anu tikawafikitse kwa eni makampani.