Seleniyamu mu feteleza wa chimanga: zimene kafukufuku wapeza

Banja la m'mbali mwa mtsinje wa Likangala ku Zomba likhoza kukolola chimanga chodzaza nkhokwe, n'kumadya nsima kawiri pa tsiku, koma thupi n'kumasowabe mchere wina wofunika wotchedwa seleniyamu. Mcherewu umathandiza chitetezo cha m'thupi komanso ntchito ya chithokomiro. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu pafupifupi 55 pa tsiku. Maikulogalamu ndi gawo limodzi la galamu itagawidwa magawo miliyoni.

Gwero la vutoli

Mbewu imatenga seleniyamu m'nthaka. M'dothi la asidi, monga katondo wa kumtunda, mcherewu umamatirira ku dothi ndipo mizu imalephera kuuyamwa. Kafukufuku wa Dr Allan Chilimba ndi anzake, yemwe anasindikizidwa mu 2011, anapeza kuti chimanga cha m'dothi lakuda la makande ku chigwa cha Shire chimakhala ndi seleniyamu wochuluka mpaka kakhumi poyerekeza ndi cha m'madera ambiri a dziko lino. Kusiyanaku kumaonekeranso mwa anthu. Magazi amene anatengedwa pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti amayi oposa 60 mwa 100 aliwonse a msinkhu wobereka anali ndi seleniyamu wosakwanira.

Nsomba zimathandiza kutseka mpatawu. Koma matemba amene anthu a ku Likangala amadalira amachokera ku nyanja ya Chilwa, yomwe inaphwa mu 1995 ndipo inachepa madzi kwambiri mu 2012 ndi 2018. Nsomba zikasowa, chotsala m'mbale ndi nsima ndi masamba a m'dothi lomwelo.

Zotsatira za m'minda yoyesera

M'nyengo za ulimi za 2008/09 ndi 2009/10, akatswiri a nthambi ya kafukufuku wa zaulimi pamodzi ndi yunivesite ya Nottingham anayesa kuthira seleniyamu m'minda ya chimanga. Malo ena amene anayeserako ndi Makoka m'boma la Zomba, Bvumbwe, Chitedze, Mbawa ndi Ngabu. Anagwiritsa ntchito njira zitatu: kusungunula mcherewu m'madzi, kuusakaniza ndi feteleza wokulitsa wa NPK, ndi kuusakaniza ndi wobereketsa wa CAN.

Njira zonse zitatu zinagwira. Galamu iliyonse ya seleniyamu pa hekitala inkaonjezera mamaikulogalamu pakati pa 15 ndi 21 pa kilogalamu ya chimanga. Poona kuchuluka kwa nsima imene Amalawi amadya, magalamu 5 okha pa hekitala akhoza kuonjezera mamaikulogalamu 26 mpaka 37 pa chakudya cha munthu pa tsiku. Zokolola sizinakwere ndipo sizinatsike.

Panatsala funso loti kaya seleniyamu wa mu ufa amafikadi m'thupi. Mu 2019 akatswiri a LUANAR ndi anzawo a kunja anagawa ufa kwa mabanja a m'dera la Mfumu Yaikulu Wimbe ku Kasungu. Ena analandira ufa wa chimanga chothira seleniyamu, ena ufa wamba, ndipo palibe amene ankadziwa mtundu umene walandira. Patatha milungu 8, seleniyamu m'magazi a amayi odya ufa wothirawo anakwera kuchoka pa mamaikulogalamu pafupifupi 58 kufika pafupifupi 108 pa lita. Kwa odya ufa wamba sikunasinthe kwenikweni.

Chifukwa chake nkhaniyi ikufunika lamulo

Mlimi amagula feteleza poyembekezera matumba ambiri. Seleniyamu saonjezera thumba ngakhale limodzi, ndipo chimanga chake sichisiyana maonekedwe kapena kakomedwe ndi china. Palibe chomukopa mlimi kulipira ndalama yoonjezera, ndipo wogulitsa feteleza alibe chifukwa choikamo mcherewu mwa kufuna kwake. Phindu limaoneka pa thanzi la anthu, osati m'nkhokwe.

Komanso iyi si ntchito yoti munthu azichita yekha pakhomo. Magalamu 5 ndi ochepa kwambiri moti sangamwazike bwino ndi manja pa hekitala yonse, pamene seleniyamu akachulukitsa m'thupi amathothola tsitsi ndi kuononga zikhadabo. Malo oyenera kusakaniza ndi ku fakitale ya feteleza, kumene muyeso umatsatidwa ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards lingathe kuuyeza.

Njira yotere si yachilendo. Dziko la Finland linayamba kuika seleniyamu mu feteleza mu 1984, ndipo lakhala likusintha muyeso wake potengera zotsatira za kuyeza chakudya ndi magazi a anthu. Kuno kwathu mchere wa m'ndiwo umakhala ndi ayodini, shuga ali ndi vitamini A, ndipo feteleza wa 23:21:0+4S analowedwa m'malo ndi wa 23:10:5+6S+1.0Zn, womwe uli ndi zinki. Popeza feteleza wambiri wa alimi ang'onoang'ono amadzera m'ndondomeko ya boma ya zipangizo zotsika mtengo, chiganizo chimodzi cha boma chikhoza kufika m'minda yambiri nthawi imodzi.

Malangizo

Unduna wa Zaulimi ndi Unduna wa Zaumoyo aunike umboniwu limodzi, chifukwa mtengo udzagwera mbali ya ulimi pamene phindu lidzaonekera ku chipatala. Madera a makande monga Ngabu asaikidwe muyeso wofanana ndi a katondo. M'chigwa cha Likangala muyezedwe chimanga cha kumtunda, kufupi ndi phiri la Zomba, ndi mpunga wa ku sikimu ya kumunsi, poti dothi la malo awiriwa ndi losiyana. Pakali pano alangizi apitirize kulimbikitsa mabanja kudya nsomba, mazira ndi nyama pamene zapezeka, ndipo achenjeze alimi kuti asathire okha seleniyamu m'minda.