Tiyi wa mumgolo: wa chamba kapena wa tomato?

Kwathu ku Thyolo ukangotchula tiyi, aliyense amaganiza za minda yobiriwira ija ya ku Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, komwe amayi athu akhala akuthyola masamba dengu lili kumsana kuyambira nthawi ya atsamunda. Koma m'mwezi wa April nditapita kumudzi kwa Mfumu Chimaliro, chakufupi ndi Goliati, ndinakapeza tiyi wamtundu wina. Tiyi ameneyu samwa munthu ayi. Ndipo fungo lake, abale anzanga, ngakhale galu amalambalala.

Mwini wake ndi msuweni wanga, mnyamata wa Fomu 4 amene ntchito inamukana. Kuseri kwa khola la mbuzi anaimika mgolo, nadzazamo masamba ndi madzi, n'kuvundikira ndi chiguduli. Nditamufunsa, anayamba wayang'ana uku ndi uku, kenaka n'kunong'ona.

"Asuweni, ameneyu ndi feteleza. Ndinaona pa foni azungu a ku America akupangira chamba chawo. Mvula ikagwa ndidzala pang'ono pakati pa chimanga. Si paja boma linavomereza chamba?"

Amalume, amene anali chapafupi akusoka mkeka, anangoti, "Iwe, ukamangidwa ine ku Thyolo boma sindikakuona. Ndalama ya minibasi ndilibe."

Nkhani ya mnyamatayu ndaibweretsa pano chifukwa sali yekha. Mumgolo mwake muli nzeru yeniyeni, koma m'mutu mwake muli bodza limene anyamata ambiri alimeza. Tiyeni tilekanitse ziwirizi.

Tiyambe ndi bodzalo. N'zoona kuti mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola kulima chamba chopangira mankhwala ndi chamba cha m'mafakitale, chopangira zinthu monga zingwe, nsalu ndi mafuta. Nkhaniyi anaiyambitsa m'nyumbamo ndi a Boniface Kadzamira mu 2015, anzawo akuwaseka, ndipo kampani ya Invegrow inayesa mbewuyi ku Chitedze. Mu 2021 Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, ananena poyera kuti fodya akupita kumanda, alimi aganizire mbewu zina monga chamba. Chaka chomwecho unduna wa zamalimidwe unafika polembera kalata katswiri wankhonya uja Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Mnyamata wakumudzi akamva zonsezi pa wailesi, mumudzudzula bwanji akaganiza kuti chitseko chatseguka?

Koma chitsekocho chili ndi loko. Wolima chamba ayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Mitengo imene inalengezedwa mu 2020 inali madola 10,000 a ku America pa chiphaso cholimira chamba cha mankhwala, ndi madola 2,000 pa cha m'mafakitale. Mwamva bwino, madola, osati makwacha. Tandiuzani, ndani kwa Chimaliro, komwe banja lonse limadalira kamunda kosakwana ekala chifukwa malo abwino anapita ndi maesiteti, angatulutse ndalama zotere? Wopanda chiphaso akapezeka ndi chamba m'munda, apolisi safunsa kuti wathiramo feteleza wanji. Ndi mlandu basi, ndipo anthu akupita kundende chifukwa cha mlandu umenewu.

Tsono tibwere ku nzeru ija. Mnyamatayu sanayambe mgolo chifukwa cha misala. Feteleza wa m'sitolo watithawa. Mu 2005 malemu Bingu wa Mutharika, mwana wa kwa Chimaliro komweku, anabweretsa makuponi a feteleza wotsika mtengo, tonse tinavina. Mu 2020 thumba la AIP linali K4,495. Kenaka kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo pofika 2025 thumba la makilogalamu 50 kwa ogulitsa wamba linali litadutsa K100,000. Amene dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa makuponi amangoliona thumbalo pa shelefu ngati chithunzi. Pakati pomwepo namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola nthaka yachonde m'mapiri athu. Nthochi zimene zinkatiombola zinatha kale ndi matenda a chisaka.

Chodabwitsa n'chakuti feteleza wina wangoti mbwee m'mbali mwa msewu. Ndikunena deliya, chitsamba chowawa chija cha maluwa achikasu chimene timachitema ngati mdani. Kwawo ndi ku Mexico, koma kuno chinakhazikika ngati mkamwini wosamva kuthamangitsidwa. Ine ku yunivesite sindinamalize, koma masamu awa ndimawatha. Akatswiri a zanthaka amene anayeza deliya ku Kenya anapeza kuti m'makilogalamu 100 a masamba ake ouma muli makilogalamu pafupifupi 3.5 a nayitirojeni, chakudya chija chimene chimabiriwitsa mbewu, ndi makilogalamu pafupifupi 4 a potaziyamu, amene amathandiza zipatso monga tomato. Masamba a deliya amawolanso msanga, n'chifukwa chake ndi abwino mumgolo.

Kapangidwe kake sikafuna digiri. Dulani masamba ndi nsonga zanthete deliya asanachite maluwa. Mukhoza kuphatikiza masamba a gilisidiya, chisoso kapena bonongwe wopanda njere. Aduleduleni ndi chikwanje, muwaike mumgolo kapena mundowa mpaka kupitirira theka, n'kudzaza madzi. Vundikirani bwino kuti udzudzu usaswanemo, koma siyani kampata kotulukira mpweya. Muzitakasa ndi mtengo pakapita masiku awiri kapena atatu. Pakatha masabata awiri kapena atatu, thovu likaleka ndipo madzi akada, tiyi wapsa. Sefani ndi chiguduli. Zotsalira zija musataye, kwirirani m'munda kapena ponyani pa mulu wa kompositi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: tiyi ameneyu sathira wosasungunula. Onjezani madzi, osachepera zitini ziwiri pa chitini chimodzi cha tiyi, mpaka mtundu wake ufanane ndi tiyi wa pamaliro uja amene amapangira anthu zana ndi kapaketi kamodzi. Mbewu zikakhala zazing'ono, madzi achuluke koposa apo. Thirani patsinde, m'mawa kapena madzulo, nthaka ili yonyowa, kamodzi pa sabata. Musawaze pa masamba a ndiwo zoti muthyola mawa, makamaka ngati mwaikamo ndowe kapena zitosi za nkhuku, chifukwa mudzaitana matenda otsegula m'mimba. Mgolo umene munali mankhwala kapena mafuta a galimoto usayandikire. Ndipo amene amakonda kuthirako ombwe pofuna kuthamangitsa tizilombo akumbukire kuti ombwe amapha nsomba. Zotsukira zake zisapite kumtsinje.

Komatu ndisakunamizeni ngati a ndale pa msonkhano. Mgolo umodzi sungalowe m'malo mwa thumba la yureya. M'thumba la makilogalamu 50 la yureya muli makilogalamu 23 a nayitirojeni. Kuti mupeze nayitirojeni wofanana naye mufunika masamba ouma a deliya oposa makilogalamu 600, ndipo aawisi, poti ambiri ndi madzi okhaokha, ndi matani angapo. Ndani angasenze zimenezo kukwera nazo zitunda za ku Thyolo? Choncho pa ekala ya chimanga tiyiyu ndi wongothandizira. Kumeneko kumafunika manyowa a khola, kompositi, manyowa a Mbeya amene amachulukitsa feteleza wochepa posakaniza ndi madeya, phulusa ndi ndowe, komanso nandolo ndi mitengo yobwezeretsa chonde. Malo enieni a tiyi wa mumgolo ndi kudimba, pa mabedi a tomato, mpiru, repu, kabichi ndi anyezi, pomwe keni imodzi imafika patali.

Ndipo Goliati amadziwika ndi chiyani ngati si tomato? Bvumbwe amadyetsa Blantyre ndi Limbe ndi chiyani ngati si masamba? Msika ulipo kale, wapoyera, wosafuna kunong'ona. Izi ndi zimene ndinamuuza msuweni wanga. Ndinati, "Mbewu siidziwa kuti tiyiyu unaphunzira kwa ndani. Chimene chimanenepetsa chamba cha mzungu chinenepetsanso tomato wako. Kusiyana kwake n'kwakuti tomato ukamusenza pamutu, wapolisi amakufunsa mtengo, osati dzina." Amalume anaonjezera mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Mnyamatayo sanayankhe. Anangotola ndodo yake n'kuyamba kutakasa. Koma nditabwereranso mu August ndinamupeza kudimba la amayi ake kumtsinje, ali ndi mabedi asanu ndi limodzi a tomato ndi awiri a mpiru, migolo tsopano ili iwiri. Sanalemere ayi, tisakokomeze. Tomato wina anagwidwa ndi chiwawu, chimene tiyi sachiza. Koma anagula mbewu ya chimanga ndi nsapato za mlongo wake ndi ndalama zimene sanafunike kubisa pansi pa mphasa. Za chamba ndinamufunsa. Anaseka n'kuti, "Asuweni, chimenecho tidikire chiphaso chitsike."

Yankho limenelo ndi limene likundisowetsa tulo, ndipo apa ndilankhule ndi inu a boma. Dzina loti Malawi Gold silinapangidwe mu ofesi ku Lilongwe. Analipanga ndi alimi osauka a m'mapiri a ku Nkhotakota ndi Mzimba, akuthamangitsana ndi apolisi zaka zambirimbiri. Lero mbewuyi mukuitcha golide, koma mwaiikira mtengo woti mwini ndalama yekha ndiye alowe, mmphawi akhale waganyu. Ife a ku Thyolo nkhani yotere tikuidziwa bwino. Tiyi wakhala pakhomo pathu zaka zoposa zana, koma ambiri a ife gawo lathu ndi dengu la kumsana. Kodi chamba nachonso chidzere njira yomweyo? Ngati n'zoona kuti mbewuyi ndi yolowa m'malo mwa fodya, chiphaso chikhale choti makopaletivu a alimi ang'onoang'ono angachikwanitse m'makwacha, msika ukhale wodziwika mbewu isanadzalidwe, ndipo lamulo lifotokozedwe m'Chichewa chomveka pa wailesi, kuti anyamata asamangidwe chifukwa chomva theka la nkhani.

Inunso alangizi a zaulimi, tulukani. N'zamanyazi kuti mwana wa kwa Chimaliro aphunzire za deliya wa kuseri kwa nyumba yake kuchokera kwa mlimi wa chamba wa ku America, chonsecho malo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe ndi yunivesite ya MUST ku Ndata zili m'boma lake lomwe.

Kwa anyamata anzanga, mawu anga ndi ochepa. Mgolo pezani, deliya dulani, mphuno tsekani. Koma keni yanu ilunjike kudimba. Tomato akalephera mumangotaya nyengo imodzi. Chamba chopanda chiphaso chikalephera mumataya zaka, ndipo mwamva kale kuti amalume ndalama ya minibasi alibe.